Loweruka la kabokosi konama

Ndafika pa galaja 7 koloko isanakwane, chisanu cha Joni chikuluma zala, ndipo ndapeza Subaru yabuluu itayima kale pageti, nambala zake za kwathu. Eni ake ndi achimwene ena a ku Ndirande omwe amabwera kudzaoda katundu mwezi ndi mwezi. Ulendo uno basi ayisiya, abwera ndi WRX yawo ya 2004 yomwe anaitanitsa ku Japan. Tapatsana moni, ndafunsa za mvula ndi mtengo wa chimanga, iwo osachedwa alowa m'dandaulo.

"Achimwene, galimotoyi ikumwa ngati chidakwa koma mphamvu njee. Chikhalirecho ndinaikitsa chipu."

Ndikangomva mawu akuti chipu ndimayamba ndasuzumira pansi pa dashibodi. Ndapezadi kabokosi kakuda, kakang'ono ngati paketi ya machesi awiri, kali ndi kotembenuza kamodzi ndi kagetsi kabuluu. Dzina palibe. Anakagula pa intaneti, wowaikira n'kudula waya wa sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ija timati MAF, n'kulumikiza ndi tepi yakuda yomwe tsopano yayamba kumatuka.

Tizipangizo totere anzathu amati piggyback, chifukwa timaberekeka pamsana pa kompyuta ya injini ngati khanda. Ntchito yake ndi kuima pakati pa sensa ndi kompyuta, n'kumasintha uthenga uli m'njira. Sensa ikati mpweya walowa wochuluka chonchi, kabokosi kamauza kompyuta kuti walowa wochepa, kompyutayo n'kuthira petulo wochepa. Kunena mosapsatira, ndi bodza. Pali bodza lokonzedwa mwaluso ndi bodza la mwana wakuba shuga, ndipo ili linali lachiwirili.

Ndalumikiza laputopu pa soketi ya OBD, polankhulira ndi kompyuta ya galimoto, ndi chingwe cha Tactrix, ndatsegula pulogalamu ya RomRaider kuti ndione zimene kompyutayo ikuganiza. Pa ma Subaru a zaka izi pali nambala ina yotchedwa IAM, imayenda kuchokera pa 0 kufika pa 16. Ikakhala pa 16 ndiye kuti kompyuta ikukhulupirira petulo wake ndipo ikupereka taimingi yonse, kutanthauza kuti ikuyatsa mapulagi mofulumira monga anaikonzera. Ya achimwenewa inali pa 3. Ndawaitana kuti adzionere okha, ngakhale ndikudziwa kuti manambalawo kwa iwo anali ngati Chitchaina.

Chomwe chimachitika n'chakuti kompyuta siyigwiritsa muyeso wa mpweya pa petulo yekha. Muyeso womwewo ndi umene imadziwira kulemera kwa ntchito imene injini ikugwira, ndipo pamenepo m'pamene imasankhira nthawi yoyatsira mapulagi. Ukainamiza kuti mpweya ndi wochepa, imaganiza kuti injini ikuyenda mopepuka, imachepetsa petulo n'kufulumizitsanso moto. Petulo wochepa, moto wofulumira, turbo ikupopera mpweya mu injini: injini imayamba kugogoda. Sensa ya knock ikamva kugogodako kompyuta imabweza taimingi, IAM n'kumatsika. Ikatsika kwambiri kompyuta imachita mantha, imaleka kukweza boost, mphamvu imene turbo imapopera mpweya, n'kusamukira pa tebulo lodzitetezera, mndandanda wa manambala olamula petulo wochuluka. Ndiye nayo galimoto yomwa ngati chidakwa koma yopanda mphamvu. Kompyutayo sinalakwe kanthu, yakhala ikupulumutsa mapisitoni awo miyezi yonseyi. Injini za EJ, za ma Subaru amenewa, zimadziwika bwino ndi kusweka m'mphepete mwa pisitoni, momwe mumakhala ma ring, zikagogoda nthawi yaitali.

Pali chinanso. Poyenda pang'onopang'ono m'tauni kompyuta imamvera sensa ya mu ekizosi ndipo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Kabokosi kakachotsa petulo, sensa ija imaulula, kompyuta n'kubwezera, kenako n'kusunga kubwezerako m'mutu. Uku wina akuchotsa, uku wina akuthira, tsiku lonse. Komanso magalimoto amphamvu opangidwira msika wa ku Japan anawakonzera petulo wawo wa okiteni yokwera, wofika cha m'ma 100, yemwe sagogodetsa injini msanga. Kuno pa pampu timapeza 93 ndi 95. Kwathu, masiku a mizere ija, munthu umathira wa m'chigubu wosadziwa kuti mwasakanizidwa chiyani.

Tachotsa kabokosi, ndawotcherera waya bwinobwino, tapima kompuresheni. Masilinda onse anayi ali moyo. Achimwene apuma mpweya wautali ngati atula mtolo.

Cha m'ma 10 koloko kwabwera Toyota RunX RSi ya bambo wina wachikulire, kasitomala wakale wa abwana. Iyi nayo ili ndi piggyback, koma ya mtundu wina, Unichip ya kampani ya Dastek ya ku Pretoria konkuno. Abwana amaikonda ngati mwana wawo woyamba, ndipo lero andipezerera. Akuti iwe umanyoza tizibokosi, taona aka, zaka zonsezi injini ikuimba. Sindinatsutse, chifukwa akunena zoona. Unichip si kotembenuza kamodzi ayi. Ili ndi matebulo akeake a petulo ndi a taimingi, imagwiranso uthenga wa sensa ya kulankishafuti, ndiye wokonza amatha kubweza moto pamalo pomwe bodza la mpweya laufulumizitsa. Amaikonza galimoto ili pa dyno, makina oyezera mphamvu, malo ndi malo, sensa ya wideband yoyeza kusakanizika kwa mpweya ndi petulo ili mu ekizosi. Ndipo makompyuta a Toyota a nthawi imeneyo anali otsekedwa zolimba, kulowamo kunali kovuta kwambiri. Khomo likakhala lokhoma umalankhulira pawindo. N'chifukwa chake ku Japan kunatchuka e-Manage ya GReddy ndi S-AFC ya Apexi, ndipo kuno ku South Africa kunalinso SMT6 ya Perfect Power.

RunX ija tangoyiyeza n'kuibweza. Injini yake ya 2ZZ ikadutsa ma rev 6,000 imasintha mawu ngati wina waiponda mchira, ndipo bambo aja amamwetulira nthawi zonse akamva zimenezo. Mwa njira, injini yopanda turbo imavutika kuno. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopyapyala, cha m'ma 83 kPa pamene ku Durban uli 101. Palibe chipu chomwe chingabweze mpweya umene kulibe. Achinyamata ambiri amabwera ndi ndalama zawo kufuna zozizwitsa pa Polo yopanda turbo, abwana n'kuwauza kuti akagule matayala abwino.

Pa nkhomaliro mkangano unapitirira, ine ndi kota, buledi uja wodzaza tchipisi, m'manja, abwana ndi khofi wawo wosathira shuga. Mfundo yawo ndi yakuti kabokosi umatha kukachotsa, kukagulitsa, kapena kukasamutsira pa galimoto ina, kompyuta n'kutsala momwe inachokera ku fakitale. Eni magalimoto atsopano amakonda zimenezi poopa kutaya waranti, chifukwa makompyuta ambiri amakono amawerenga kuti alembedwa kangati. Anatchulanso JB4 ija ya pa ma BMW a turbo, yomwe ndi piggyback koma anthu amaipatsa ulemu. Ine yanga inali imodzi: ngati khomo lili lotsegula, bwanji kulankhulira pawindo? Ukalemba pulogalamu ya m'kompyuta mwenimwenimo, umasintha tebulo lenileni la petulo, la taimingi, la boost, malire a ma rev, ngakhale loko ya 180 km/h yomwe magalimoto a ku Japan amabwera nayo. Kompyuta imakhala ikudziwa zoona za mpweya umene ukulowa, ndiye chitetezo chake chonse chimagwira pamalo oyenera. Abwana anangoti ndiwe wa laputopu iwe, ife tinakula ndi sikuludiraiva. Tinaseka.

Masana ndiye inali ntchito yeniyeni. Pa Subaru iyi, kuti ulembe umayamba walumikiza mapulagi awiri obiriwira pansi pa chiwongolero. Ukatsegula kiyi mafani amayamba kuyaka ndi kuzima okha, ma relay akuchita thethethe, moti achimwene anadzidzimuka kuganiza kuti ndaotcha kanthu. Choyamba ndinakopera pulogalamu yoyambirira ya m'kompyutamo pogwiritsa ntchito EcuFlash n'kuisunga malo awiri, pa laputopu ndi pa fulashi. Amene anaonapo kompyuta itafera pakati pa kulemba sadumpha gawo limeneli. Ikafa choncho imasanduka njerwa, galimoto siliranso, ndipo kupeza ina yofanana nayo ndi ulendo wina.

Ndiye tamverani. Mzere wa pa laputopu wosonyeza pomwe kulemba kwafika uli cha pakati, magetsi phethi. Tchaja yomwe timalumikiza ku batire kuti mphamvu isatsike inazima pomwepo. Galaja yonse zii, kungomveka mafani a Subaru aja. Ndinagwira chingwe ndi dzanja limodzi kuti wina asachikhudze, maso pa sikirini, thukuta pa chisanu chonsecho. Mwayi wake, m'mawa ndinali nditawakakamiza achimwene kugula batire yatsopano chifukwa yakaleyo inali yotopa, ndipo anadandaula kwambiri za ndalamazo. Mzere unafika kumapeto. Ndinatseka kiyi, kumasula zobiriwira zija, kuliza. Inalira. Achimwene sanadziwe n'komwe kuti chachitika n'chiyani, amangofunsa ngati jenereta ilipo.

Jenereta italira tinaikweza pa dyno. Apa ndimagwira ndi abwana, chifukwa khutu lawo pa kugogoda limaposa sensa. Amavala zomvera m'makutu zolumikizidwa ku buloko ya injini, ine ndikuyang'ana wideband. Pa boost yonse tinaika magawo a mpweya cha m'ma 11 pa gawo limodzi la petulo, wonenepa ndithu, chifukwa petulo wowonjezerayo amaziziritsa m'silinda. Taimingi tinaibweza pamalo angapo pomwe tebulo la ku Japan linali lolusa. Tinalemba kanayi, kukoka, kuwerenga, kusintha pang'ono, kulembanso. IAM inakwera mpaka 16 n'kukhazikika.

Achimwene ataona mzere wa mphamvu pa sikirini anafunsa ngati sitingawonjezereko pang'ono. Malo analipo, koma ndinakana. "Achimwene, galimotoyi sikhala kuno. Lolemba mudutsa Beitbridge, Lachiwiri muli ku Tete." Tete ili pansi m'chigwa cha Zambezi, mpweya ndi wokhuthala ndiponso wotentha ngati m'uvuni, ndipo petulo amene adzathire m'njiramo sindinamuyeze ine. Injini yomwe ili chete pa chisanu cha Joni ikhoza kuyamba kugogoda ikukwera kupita ku Zobue, buti itadzaza mabelo a katundu. Abwana, omwe tsiku lonse amanditsutsa, apa anagwedeza mutu kuvomereza.

Loko ya 180 sindinaichotse. Anapempha kawiri. Ndinawakumbutsa za mbuzi za pa msewu wa Mwanza.

Tinaiyesa pa msewu dzuwa likulowa, iwo akuyendetsa, ine laputopu pamiyendo. Pa giya yachitatu turbo itagwira anakuwa kuti "Amayo!" n'kuseka ngati mwana. Pobwerera anayamba kuwerengera ndalama zomwe amwetsa galimotoyi chiikireni kabokosi kaja, kenako anasiya, akuti mutu ungawapweteke.

Asananyamuke anapempha kabokosi kawo, akuti mlamu wawo ali ndi Altezza ku Limbe. Ndinatenga sikuludiraiva n'kukatsegula iwo akuona. M'katimo munali kotembenuza kaja, resistor imodzi, kagetsi kabuluu, ndi guluu wambiri wodzazira malo. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukaponya m'thumba la jekete. Akuti mlamuyo anawabwereka ndalama chaka chatha ndipo sanabweze.