Tsiku la mvula ndi mphepo pantchito yodula nthambi

Mvula payokha sindiiopa kwenikweni. Chimene chimandichititsa kuganiza kawiri ndisanavale lamba wokwerera ndi mphepo, makamaka ija yobwera modzidzimutsa, yoti pano kuli bata, mwadzidzidzi mtengo wonse wagwedezeka. Ndiye ntchito ndimaiyambira pansi, chainsaw ikadali m'galimoto.

Ndimaima chapatali n'kuyang'ana kunsonga. Ngati akugwedera ndi masamba ndi tinthambi tokha, palibe vuto. Koma nthambi zikuluzikulu zikamapita uku ndi uku, mawaya a magetsi n'kumalira, ndiye kuti mphepo yafika pa 6 pa sikelo ya Beaufort yoyezera mphamvu ya mphepo, makilomita 39 mpaka 49 pa ola. Tsiku limenelo sindikwera, mwini mtengo adandaule bwanji. Pajatu pansi pamakhala potchingika ndi nyumba ndi mipanda, mphepo yeniyeni ili kumwambako.

Kenako ndimazungulira tsinde. Nthaka ikakhuta madzi, mizu siigwira bwino. Ndimafufuza ming'alu yatsopano m'dothi, ndipo ndimaima mbali imene mphepo ikuchokera kuti ndione ngati nthaka ikutukuka mtengo ukamawerama. Ikamatero, mizu yayamba kale kuzuka. Bowa womera patsinde nayenso amandiuza kuti mkatimo mwina mwaola. Ndikatha apo ndimakwezanso maso kufunafuna nthambi zothyoka zimene zangokodwa m'mwamba, chifukwa zimenezo sizichenjeza pogwa.

Za mphezi palibe zokambirana. Phokoso limayenda pafupifupi kilomita imodzi m'masekondi 3, choncho kukang'anima ndimawerenga masekondi. Bingu likamveka ndisanafike 30, mphezi ili mkati mwa makilomita 10, tonse timalowa m'galimoto, osatulukamo mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Zonsezi zikandilola, ndimakwera, koma mwa ulesi wadala. Khungwa lonyowa, makamaka lomera ndere, limaterera ngati sopo, ndiye thupi lonse ndimalisiyira zingwe, mapazi n'ongothandizira. Ndimamangirira malo awiri osiyana, kuti pena pakakanika pena pandigwire. Chingwe chikanyowa chimasintha khalidwe: mfundo ya Prusik, yoyenda pa chingwe koma yogwira ukailemera, imene dzulo inkayenda bwinobwino, lero mwina iluma osafuna kusuntha, mwinanso iterera. N'chifukwa chake ndimayamba ndadzilendewetsa ndili pafupi ndi pansi, ndione mmene ikugwirira. Nsapato zaminga zokwerera mitengo zimakopa tsiku lotere, koma ndimavala pokhapokha ngati mtengowo ukuchotsedwa wonse. Pa mtengo woti ukhale, mingayo imasiya mabala olowera matenda. Pansi pamatsala mnzanga wodziwa kukwera, zida zake zili chire, woti atha kudzanditsitsa nditavulala. Ntchito iyi si ya munthu mmodzi, ngakhale kutacha bwino.

Podula m'pamene mphepo imaonetsa nkhanza zake. Nthambi ya masamba ambiri, yonyowa, imalemera kuposa mmene maso akuonera, ndipo ikangoduka mphepo imaitenga n'kuiponya kumene sunafune, nthawi zina pa iwe wemwe. Ndiye ndimadula tizidutswa tifupitifupi, zolemerazo ndimamanga chingwe kuti mnzanga azitsitse pang'onopang'ono. Nthambi iliyonse ndimaicheka katatu: kaye kunsi, kuti isang'ambe khungwa pogwa, kenako pamwamba, chakunja pang'ono, pomaliza ndimachotsa chitsa chotsalacho, osakhudza kakhosi kotupa kamene kali polumikizira nthambi ndi thunthu, pakuti m'pamene mtengo umatsekera bala. Ndimamvetsera mphepo ikamabwera m'mitengo ya pafupi, ndimaidikira idutse, ndipo ndimamaliza kucheka kukachita bata. Chainsaw ndimaigwira ndi manja onse awiri. Chakumwamba kwa nsonga yake kukagunda mtengo, makinawo amadumphira kumaso, ndipo magolovesi onyowa ndi zala zozizidwa sizingawabweze.

Nthambi imene mphepo yathyola kale koma sinaduke ndi nkhani ina. Mbali ina yakokeka, mbali ina yapanikizika. Ukayamba molakwika, imapana chainsaw kapena kufwanthuka n'kukumenya. Ndimayamba ndacheka pang'ono mbali yopanikizikayo, n'kumalizira mbali yokokekayo, nditakhala kumene singandifikire.

Kukuwa sikuthandiza. Mphepo, injini ndi zotseka m'makutu zimameza mawu, choncho tisanayambe timagwirizana zizindikiro za manja, ndipo sindigwetsa kanthu mnzanga asanandiyankhe.

Zala zikayamba kulephera kutsegula ngowe za pa lamba, ndimatsika, kaya ntchito yatsala theka. Kunyumba zingwe ndimazitsuka ndi madzi okha kuti mchenga uchoke, n'kuziyanika pamthunzi podutsa mpweya, kutali ndi moto. Chainsaw ndimaichotsa utuchi wonyowa, tcheni n'kuipaka mafuta isanachite dzimbiri.