Janjira: linga la pakati pa nyanja ndi ufumu umene Angelezi anaulanda mphamvu pang'onopang'ono

Kum'mwera kwa mzinda wa Mumbai ku India, pamtunda wa makilomita pafupifupi 165, kuli tauni ya asodzi yotchedwa Murud. Njira yabwino ndi kukwera sitima ya pamadzi pa doko la Gateway of India mu Mumbai mpaka ku Mandwa, ulendo wa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, kenako basi yodzera ku Alibag, Revdanda ndi Kashid. Msewu wake ndi wopapatiza ndi wokhotakhota, choncho konzekani kugona ku Murud. Musapiteko pakati pa Juni ndi Ogasiti, chifukwa nyanja imakalipa ndipo mabwato opita ku linga la Janjira amaima.

Mabwatowo ndi a matanga, ndipo amanyamukira pa doko la Rajapuri, makilomita ochepa kuchokera ku Murud. Sanyamuka asanadzaze. Linga la Janjira linamangidwa pa chilumba cha mwala, makoma ake otalika pafupifupi mamita 12 akuchokera m'madzi mwenimweni, ndipo chipata simuchiona mpaka bwato litayandikira kwambiri. Omanga anachibisa dala kuti mdani asadziwe poloza mzinga. Potsika samalani: bwato limagwedezeka ndi mafunde, makwerero ndi oterera ndi ndere, ndiye valani nsapato zogwira pansi ndipo manja akhale opanda katundu. Eni mabwato amapereka mphindi pafupifupi 45 zokha. Yambani ndi mizinga ikuluikulu itatu, Kalalbangdi, Chavri ndi Landa Kasam, kenako maiwe awiri a madzi opanda mchere. Maiwewa ndi amene ankathandiza asilikali kupirira akazingidwa kwa miyezi.

Eni linga anali Asiddi, Asilamu ochokera kum'mawa kwa Africa, ambiri mwa iwo ku Ethiopia, amene anafika ku India ngati akapolo, amalinyero ndi asilikali. Anakwera mpaka kukhala akuluakulu a zombo zankhondo za mafumu a Mughal, amene ankalamulira mbali yaikulu ya India. Shivaji, mfumu ya Amaratha, analephera kulanda lingali. Mwana wake Sambhaji mu 1682 anayesa kukwirira nyanja ndi miyala kuti asilikali awoloke, nayenso anabwerera chimanjamanja.

Koma nkhani imene alendo ambiri samva ndi ya nthawi ya atsamunda, ndipo kwa ine ndi imene ili yofunika. Mu 1733 Asiddi anachita pangano lothandizana pankhondo ndi Angelezi a ku Bombay (dzina lakale la Mumbai), ngati mabwenzi. Mu 1834 boma la Angelezi linalengeza kuti Janjira ili pansi pawo, n'kutseka malo amene ufumuwo unkasulira ndalama zake. Mu 1869, pa chifukwa cha madandaulo okhudza kaweruzidwe ka milandu, Nawab (kutanthauza mfumu) Sidi Ibrahim Khan analandidwa mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu, ndipo anamutumizira Mngelezi woti azikhala m'dziko lake. Chaka chotsatira anapita ku Bombay kukaonana ndi Duke of Edinburgh, mwana wa Mfumukazi ya ku Britain, koma nduna za Nawab n'kumuchotsa pampando iye kulibe. Angelezi anamubwezera, koma pokhapokha atavomera kusintha kayendetsedwe ka dziko motsatira malangizo awo. Kuyambira pamenepo, mkulu wa boma la Kolaba, amene kwathu tikanati bwana DC, ndiye anali diso la atsamunda pa Nawab. Palibe mzinga umene unalira pa zonsezi.

Ibrahim Khan atamwalira mu 1879, mwana wake Sidi Ahmad Khan anali wamng'ono. Anaphunzira ku Rajkumar College ku Rajkot, sukulu imene inakhazikitsidwa kuti iphunzitse ana a mafumu mwachingelezi, ndipo analamulira mpaka 1922. Ankamuombera mizinga 11 yaulemu, pamene mfumu ya Hyderabad ankaiombera 21. Ndi mmene Angelezi ankasonyezera mfumu iliyonse malo ake. Ahmad Khan ndi amene anamanga nyumba yachifumu ya Ahmedganj kumtunda, pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja. Mudzaiona kumsewu polowa mu Murud kuchokera ku Kashid. Ikadali ya banja lachifumu ndipo alendo salowamo, choncho jambulani muli kunja kwa mpanda. Iyang'anitsitseni bwino: mazenera ake ndi aakulu, mamangidwe ake osakaniza achi Mughal ndi a ku Ulaya. Ndi nyumba ya mfumu imene sinkayembekezeranso kumenya nkhondo yakeyake.

Nawab womaliza, Sidi Muhammad Khan, anavomera kulowa m'dziko la India, ndipo mu 1948 Janjira inaphatikizidwa ku chigawo cha Bombay.

Pobwerera kuchokera ku doko, pemphani woyendetsa kabaza wa matayala atatu akupatutsireni ku Khokari, pafupi ndi Rajapuri. Kumeneko kuli manda atatu aakulu a miyala a mafumu oyambirira, ndipo aakulu koposa ndi a Sidi Surul Khan. Tengani madzi akumwa, ndipo pitani dzuwa lisanatenthe.