Lipoti la Ulendo Wokatula Bokosi la Mbiri ya Timu Yathu

Amene munali pa msonkhano wathu womaliza mukukumbukira kuti tinagwirizana zopita ku yunivesite yomwe tinaphunzirako, kukacheza ndi atsikana amene akusewera m'timu ya basketball masiku ano, ndiponso kukawatulira bokosi la zithunzi, majuzi ndi makalata lomwe lakhala likugona m'nyumba zathu mosinthanasinthana kwa zaka zambiri. A wapampando anandipempha kuti ndilembe zonse monga zinayendera, kuti amene simunathe kupita nawo musamve za m'maluwa.

Tinapangana kukumana ku Area 18 nthawi ya 6 koloko m'mawa, koma tinanyamuka 7 koloko itakwana, chifukwa a msungichuma, monga mukuwadziwa, sakanalola kuti minibasi isunthe asanawerenge kawiri ndalama zomwe tinasonkha. Ku Biwi tinatenga achemwali atatu amene anagona mochedwa akuphika, ndipo anakwera ndi mapoto awiri a nkhuku zachikuda, beseni la nkhwani wotendera ndi chigubu cha thobwa.

Titangotuluka mumzinda, tayala lakumbuyo linaphulika. Adalaivala anaigwira bwino galimoto mpaka inaima pambali pa msewu, ndipo palibe anavulala, ngakhale msuzi wa poto mmodzi unatayikira pa nsapato za a mlembi. Kuti sipeya ituluke panafunika kutsitsa katundu yense, ndipo bokosi lija litangoikidwa pansi, mvula inayamba. Apa mpamene a kaputeni athu oyamba, amene tonse timawatchula kuti anganga, anamasula chitenje chomwe anafunda pamapewa, nkukulunga bokosilo, nkulinyamula okha mpaka pakhonde la golosale ina ya pafupi. Tinawapempha kuti tiwalandire koma anakana, nkunena kuti munthu akanyowa amauma, koma chithunzi chikanyowa chapita. Sipeyayo inapezeka kuti ilibe mpweya, choncho adalaivala anakwera nayo kabaza kukaipopetsa, ife nkutsala pakhondepo kwa ola lathunthu.

Mkangano umene ambiri mwaumva kale unayambira pakhonde pomwepo. Pofuna kuona ngati madzi alowa, tinatsegula bokosi, ndipo pamwamba penipeni panali chithunzi chakale kwambiri, chopanda dzina kapena chaka kuseri kwake. Atsikana aima pamzere pabwalo la simenti, ndipo wa kumapeto wanyamula mpira m'mwamba moti waphimba theka la nkhope yake. Achemwali a nambala 7 ananenetsa kuti mtsikanayo ndi iwowo, popeza nthawi zonse ankaima kumapeto chifukwa cha kutalika. Achemwali a dzanja lamanzere anatsutsa, nati ameneyo ndi malemu mnzathu uja amene anatisiya tisanamalize maphunziro. Mawu anakwera, ena anaikira kumbuyo uyu, ena uyo, mpaka mwini golosale anatuluka kudzaona chimene chagwa. Ine sindikuona cholakwa pa mkanganowo, chifukwa onse awiri ankalimbira chinthu chimene amachikonda. Anganga sanalowererepo. Anangopempha magalasi awo, nkuyang'anitsitsa chithunzicho, kenaka nkuloza bondo lakumanja la mtsikanayo, pomwe panali pomangidwa kansalu kong'ambidwa ku chitenje. Tonse tinakumbukira nthawi yomweyo kuti malemu ankamanga bondo limenelo masewero aliwonse kuyambira tsiku lomwe anagwa pa simenti. Achemwali a nambala 7 anali oyamba kugwetsa misozi, ndipo ndi iwo amene anatenga pensulo nkulemba dzina la malemu kuseri kwa chithunzicho. Ndalemba izi mwatsatanetsatane kuti nkhaniyi ithere pamenepa, isadzadzukenso pa msonkhano wina.

Tinafika dzuwa litakwera, ndipo atsikana anatilandira ndi nyimbo pachipata. A kochi awo anatikumbutsa chiyambi cha masewerowa. James Naismith anawayambitsa mu 1891 ku Springfield, m'boma la Massachusetts ku America, ndipo chaka chotsatira Senda Berenson anayamba kuwaphunzitsa kwa atsikana a ku Smith College. Berenson anagawa bwalo patatu, wosewera aliyense osaloledwa kutuluka m'chigawo chake, kusunga mpira kupitirira masekondi atatu, kapena kuunjanjitsa koposa katatu. Masewero oyamba a akazi pakati pa mayunivesite awiri anachitika mu 1896, pomwe Stanford inagonjetsa Berkeley 2 kwa 1, ndipo amuna sanaloledwe kuonerera. Ku Olympics, basketball ya akazi inalowa mu 1976 ku Montreal. A kochiwo anafotokozanso kuti ntchembere mbaye, imene Amalawi timanyadira chifukwa cha ma Queens, inaphuka kuchokera ku basketball ya akazi ya masiku oyambirirawo, ndipo achemwali amene anabwera m'timu yathu kuchokera ku netball anaomba m'manja kwa nthawi yaitali.

Koma chimene atsikana anamvetsera mwachidwi ndi mawu a anganga. Anawauza kuti iwo ankasewera m'nthawi imene lamulo la kavalidwe la 1973 linali likugwira ntchito, lomwe linkaletsa akazi kuvala thalauza kapena siketi yosafika m'mawondo, ndipo linadzachotsedwa mu 1993. Anati wezulo yomaliza ikangolira, aliyense ankathamangira chitenje chake asanatuluke m'bwalo, ndipo manambala a pa majuzi ankasoka okha usiku ndi singano yamanja. Anatulutsa juzi yawo m'bokosi, yofwifwa, nambala itapendekeka pang'ono, nkuipereka kwa kaputeni wa atsikanawo, amene anagwada polandira. Mtsikanayo anafunsa kuti, “Anganga, nanga makolo ankakulolani?” Iwo anayankha kuti, “Mwanawe, bambo anga ankati ndinapita kukaphunzira, osati kukalumphalumpha, koma tsiku lomwe anandiona ndikugoletsa ndi iwo amene anafuula kuposa onse.”

Tisanadye tinasewera chigawo chimodzi cha mphindi 10. Mpira wa saizi 6 umene akazi amaseweretsa masiku ano unawakomera m'manja achemwali a dzanja lamanzere, ndipo anagoletsa kawiri motsatizana kuchokera pakona yawo yakale ija. Ring'i ili pomwe inali, mamita 3.05 kuchokera pansi, ndipo phokoso la mpira ukamalowa silinasinthe. Atsikanawo ndi aliwiro ndiponso ophunzitsidwa bwino, moti ndikupempha kuti akadzabwera kudzasewera mumzinda muno tidzapite mwaunyinji kukawachemerera.

Nsima anaphika ndi atsikana eni ake, ife tinangotulutsa ndiwo. Poto wotayika msuzi uja achemwali a ku Biwi anamukonza ndi tomato ndi anyezi zomwe anagula pamsewu, ndipo anatha msanga kuposa winayo. Tinadyera limodzi pansi pa mtengo, mbale imodzi wamkulu ndi mtsikana, monga anakonzera a wapampando, ndipo thobwa linakwanira aliyense.

Tikuthokoza adalaivala chifukwa cha kudekha kwawo, mwini golosale amene anatibwereka benchi, achemwali a ku Biwi, a mlembi amene anayenda tsiku lonse ndi nsapato zonunkhira nkhuku osadandaula, a msungichuma amene abweza chenji chonse m'thumba la gulu, ndiponso amuna athu ndi ana amene anasunga makomo. Bokosi latsala m'manja mwa a kochi ndi kaputeni. Zithunzi zina zikadalibe maina, choncho atsikana alonjeza kuzijambula pa foni nkutitumizira pa WhatsApp, ndipo aliyense amene wazindikira nkhope alembere a mlembi msonkhano wa mwezi wamawa usanafike. Chitenje cha anganga chinatsalira m'minibasi, ndipo chili kunyumba kwanga ku Kawale, chochapa kale.