Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tulo tija

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa kuti gawo lotsatira lili kuti. Zala zikauma kulemba kumavuta, mundipirire.

Tinalekezera paja dokotala anandiuza kuti ndili ndi scleroderma, khungu la zala ndi kumaso litayamba kulimba, kukangozizira zala n'kumayera mbuu chifukwa cha Raynaud, vuto loti magazi safika bwino kuzala. Zaka zitatu zotsatira ndizidumpha, zinali za mapiritsi ndi magolovesi basi.

Chaka chachinayi ndicho chinandigwetsa. Tulo! Ndinkadzuka ngati sindinagone. Tsitsi linkatsalira m'chipeso, kudzimbidwa osati masewera, anzanga akutuluka thukuta ine ndikunjenjemera. Ndikadandaula kuchipatala yankho linali limodzi: "Ndi matenda anu omwewa, mayi." Sindiwaimba mlandu kwenikweni, chifukwa scleroderma nayo imatopetsa ndipo imasokoneza matumbo.

Koma mlamu wanga uja, mukumukumbukira. Tsiku lina masana ndili chigonere kuchipinda, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndinamumva akuti, "Achimwene, akazi anuwa apezerapo pobisalira. Ndi ulesi uwu." Ndinadikira kuti amuna anga ayankhe. Ndinadikirabe. Ndinangomva mpando ukukhwekhwerezeka, kenako zii. Ndinafuna kudzuka kuti andione, thupi linakana. Misozi inkatsikira m'makutu, ndipo chimene chinandiwawa koposa n'choti inenso ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndine waulesidi.

Anandipulumutsa ndi achemwali anga, amene anandikokera kwa dokotala wina. Iyeyo anandigwira pakhosi, n'kundiuza kuti ndimeze malovu, kenako analemba zoyeza magazi zoona chithokomiro: TSH (uthenga wochokera ku ubongo wouza chithokomiro kuti chigwire ntchito), T4 (homoni imene chithokomiro chimapanga) ndi anti-TPO (asilikali a m'thupi oukira chithokomiro). TSH ya munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 0.4 ndi 4.0 kapena chapompo; yanga inali itapitirira kutali, T4 ili pansi. Chithokomiro chinali chitafooka, ndiye ubongo unkachikalipira kuti chigwire ntchito. Vutoli dzina lake Hashimoto, potengera dokotala wa ku Japan amene anawafotokoza matendawa mu 1912. Asilikali a m'thupi omwe anaukira khungu langa anali ataukiranso chithokomiro. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa odwala scleroderma, makamaka ife amayi, kungoti zizindikiro zimafanana, matenda enawo n'kubisala kumbuyo kwa anzake.

Anandipatsa levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa homoni ya chithokomiro, omwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, n'kudikira mphindi 30 mpaka 60 ndisanadye. Patatha milungu 6 tinayezanso, TSH sinatsike mokwanira. Kufufuza, omeprazole amene ndimamwa chifukwa cha chilungulira amachepetsa asidi m'mimba, levothyroxine uja n'kumalowa movutikira. Mapiritsi a ayironi ndinkamweranso limodzi, pomwe amafunika kutalikirana maola 4. Tinakonza zimenezo, mlingo n'kukwezedwa pang'ono.

Inu amene munalemba pansi pa gawo 8 kuti ndingowonjezera ayodini, ayi ndithu. Hashimoto si kusowa ayodini, ndipo wochuluka akhoza kuwonjezera vuto. Enanso akuti bwanji ndikuulula za m'banja. Amene ndinagona kuseri kwa chitseko chija ndine, ndiye ndinena.

Pepala la zotsatira ndinaliika patebulo osayankhula kanthu. Amuna anga analiwerenga kawiri, n'kulipinda bwinobwino, n'kutuluka panja. Mlamu mpaka lero sanapepese. Zimene amuna anga ananena atabwerako usiku umenewo, tidzakambirana m'gawo 10.