Mukagwira set, betchani

Pa matebulo a poker a no-limit (pomwe kubetcha kulibe malire) a $1/$2 (ndalama zokakamiza zoyambira masewera), chimandiwawa kuona munthu wagwira makadi amphamvu koma akuwabisa. Tinene kuti muli ndi ma 8 awiri m'manja, flop (makadi atatu oyamba oikidwa patebulo kuti onse agwiritse ntchito) yatuluka K, 8, 5, ndipo awiri mwa makadiwo ndi a mtima. Mwapanga set (makadi atatu ofanana, awiri m'manja ndi limodzi patebulo), imene imabwera pafupifupi kamodzi pa maulendo 8 mukayamba ndi makadi ofanana. Apa ambiri amangogogoda patebulo osabetcha, ati akutchera msampha.

Msampha wanji? Anthu a ndalama zochepa sakonda kutaya makadi. Wa K ndi 10 amalipira mpaka pa river (khadi lachisanu, lomaliza patebulo) osaphethira. Wokhala ndi mitima iwiri m'manja, wodikira mtima wachisanu kuti apange flush (makadi asanu a mtundu umodzi), nayenso amalipira, ndipo alipire ndithu: makadi okwaniritsa flush amawerengedwa 9, mwayi woti flush yake ikwane pofika pa river ndi pafupifupi 35 peresenti. Khadi laulere sindingam'patse munthu wotero.

Ine pakati pakakhala $15 ndimaika $10. Akalipira, pot (ndalama zonse zapakati) yafika $35, pa turn (khadi lachinayi patebulo) ndiika $25, pa river $60. Mukadumpha flop, ndalama zomaliza zija sizikula, chifukwa kubetcha kulikonse kumatengera kukula kwa pot.

Pomwe ndimafatsa ndi pamene mtima wachitatu wagwa patebulo, bolodi (makadi apatebulowo) ilibe makadi ofanana, ndiye bambo amene wakhala duu usiku wonse akukankha tchipisi zake zonse. Pa matebulo amenewa anthu sanama kawirikawiri pa river. Bambo wotero ndimam'khulupirira, set yanga n'kuitaya.