Mapaini awiri a magazi usiku wa Lachinayi

Sabata yapitayi ndinali ya usiku ku wodi yochirira amayi. Lolemba mpaka Lachitatu panalibe chachilendo: amayi 23 anachira bwinobwino, atatu anapita ku fiyeta kukachitidwa opareshoni, magetsi anazima kawiri, magolovesi tinkachita kuwerengerana. Azamba anzanga mukudziwa kale zimenezi. Chandikhalitsa pansi ndi cha Lachinayi.

Cha m'ma 11 ambulansi inabweretsa mayi wa zaka 34 wochokera ku mapulazi a kufupi ndi tauni ya Norton, kuno ku Zimbabwe. Mimba yachisanu ndi chimodzi, masabata 36, magazi akutuluka popanda kupweteka kulikonse. Mzamba aliyense akamva "popanda kupweteka" amadziwa kuti nsengwa yakhala pakhomo pa chiberekero, ndipo zala zako usayerekeze kulowetsako. Nsalu ziwiri zinali zitanyowa kale. Apongozi ake, amene anamuperekeza, ankayankha Chishona chodukaduka mpaka ndinawamva akunong'ona kuti "Mulungu wanga ine". Ndinati, "Amayi, lankhulani Chichewa, ndikumva." Ndi a ku Dedza, anabwera kuno ndi amuna awo kale Zimbabwe isanalandire ufulu mu 1980.

Ndiye ndinatsegula khadi la kusikelo, mtima n'kundiwawa. Zonse zinalembedwa mmenemo. Hb, mlingo wa magazi m'thupi, inali 8.2 pa masabata 24, pomwe woyembekezera safunika kutsika pa 11. Mimba yapitayo anachira ndi opareshoni. Ana asanu. Pambali wina analemba kuti akajambulitse sikani, koma sanajambulitse chifukwa cha ndalama. Mapiritsi a ayironi analandira mwezi umodzi wokha, kenako kukiliniki ya kwawo anatha. Palibe amene anamuyezanso magazi. Kuchepa magazi, chipsera pa chiberekero, kubereka kambiri, nsengwa yosadziwika pomwe ili: zinthu zinayi zimene timaloweza tili ku sukulu, zonse pa munthu mmodzi, ndipo khadi linadutsa m'manja mwa anthu angapo kwa miyezi itatu.

Ifeyo titayeza tinapeza Hb ya 6.1. Madiripi awiri, galamu imodzi ya tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, adokotala n'kuitanitsa mapaini anayi a magazi. Ku labu anayankha kuti a gulu O alipo awiri basi. Mayiyu ndi wa O, ndipo wa O salandira a gulu lina. Ndi Januwale, paja. Magazi ambiri m'dziko muno amapereka ndi ana a sekondale, choncho sukulu zikatsekera mu Disembala, nthawi yomwenso ngozi zapamsewu zimachuluka, mafiriji amayamba kuyera. Chaka ndi chaka n'chimodzimodzi, koma akuluakulu athu amadabwa ngati zayamba dzulo.

Amuna a mayiyu anafika pa kombi (minibasi) yomaliza, n'kupinda malaya. "Anesi, tengani anga." Ndinavutika kuwafotokozera kuti magazi sachoka pa mkono uwu n'kulowa pa mkono uwo. Amayamba ayezedwa HIV, hepatitis B ndi C, ndi chindoko, ndipo zimenezo sizichitikira mu wodi pakati pa usiku. Anafunsanso mtengo. Ndinawauza kuti kuyambira mu 2018 magazi ndi aulere m'zipatala za boma. Anapuma mozama, ine osawauza kuti chaulerecho chilipo chiwiri chokha.

Ku fiyeta mwana anatuluka msanga, wamkazi, makilo 2.3, analira. Nsengwa ndi imene inakana. Inali itamera pa chipsera chakale chija n'kulowerera m'mnofu. Oxytocin ndi misoprostol, mankhwala othandiza chiberekero kukungika, kusoka, kufinya, magazi osaleka. Paini yoyamba inatha, yachiwiri inatha, ndipo paini imodzi imakweza Hb ndi 1 yokha basi, pomwe pansi pakutayika ochuluka kuposa omwe tikuthira. Adokotala anachotsa chiberekero. Ine ndinali pa foni yanga, ndi eyataimu yanga, kuimbira anzanga a zipatala zina. Mnzanga wina wa ku sukulu anapeza paini yachitatu, dalaivala n'kukaitenga 4 koloko m'mawa. Mayiyo ali moyo.

Chimene chikundipweteka n'chakuti mayi amene ali ndi Hb ya 12 akhoza kutaya lita imodzi n'kudzuka mawa lake ndi chizungulire chabe. Wa 8 alibe posungira. Mapiritsi otchipa aja akanamwa miyezi itatu, sikani imodzi ikanaonetsa nsengwa, tikanamugoneka mu wodi masabata angapo pasadakhale, opareshoni n'kuchitika masana magazi ali pambali. Mwina chiberekero chikanachokabe, koma osati mwa njira imeneyi.

Lachisanu m'mawa, ndisanagone n'komwe, anandiitana ku ofesi. Ndinkaganiza kuti akufuna kumva za khadi lija, kapena za firiji. Ayi. Fomu yoitanitsira paini yachitatu inalibe siginecha ya wamkulu, ndiye ndilembe lipoti. Ndinalemba, masamba awiri, ndipo ndinayambira pa Hb 8.2.

Loweruka kunachira asanu ndi awiri, mapasa amodzi, palibe anataya magazi opitirira 500 ml. Potuluka Lamlungu m'mawa ndinakumana ndi apongozi aja pa geti atanyamula botolo la madzi ofiira a masamba a mapeyala, akuti owonjezera magazi. "Mwanangu, amwe kapena asamwe?" Ndinati amwe, koma mapiritsi asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo akamupezere chiwindi ndi nyemba. Anafunsa ngati mapiritsiwo awapeza kukiliniki ya kwawo. Ndinawalembera dzina lake pa kapepala kuti akagule ku famase.