Chisoti cha Keyala ndachipaka chakuda

Sajeni uja ndamumaliza kumujambula ndi utoto wa madzi, kwangotsala manja. Amene munawerenga za mwezi wathawu mukukumbukira kuti ndinali nditangolemba mizere ya pensulo: msilikali wa King's African Rifles (KAR), gulu la nkhondo la atsamunda a ku Britain, amene agogo athu ankangoti Keyala, ataima njo pa perete, mfuti m'mbali, kumapazi kulibe nsapato. Chithunzi chimene ndikutengera ndi cha m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, chopanda mtundu wina koma wakuda ndi woyera. Mawu apansi pake amangonena kuti ndi wa batalyoni ya ku Nyasaland. Dzina lake palibe.

Chimene chandidyera nthawi ndi chisoti. Aliyense amene walowa m'chipinda changa kuno ku Chibavi, ku Mzuzu, n'kuona pepalali wandifunsa funso limodzi lomwelo: bwanji simunapake chofiira? Anthu tinazolowera kuti chisoti chachitali chija, chokhala ndi kachingwe kolendewera, chimakhala chofiira, ndipo m'mabatalyoni ambiri a KAR chinalidi chotero. Koma asilikali a ku Nyasaland ankavala chakuda. Gulu la KAR linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo batalyoni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kwathu kuno. Ndiye munthu ukapaka chofiira pamutu pa msilikali wa ku Zomba, wamuveka chisoti cha anzake a kwina.

Chovuta n'chakuti chithunzicho pachokha sichingakuuze. Mafilimu ndi magalasi ojambulira a nthawi imeneyo, amene amatchedwa orthochromatic, sankaona mtundu wofiira. Chinthu chofiira chinkatuluka chakuda bii, pamene chobiriwira ngati thambo chinkatuluka chowala kuposa mmene chinalili. Chisoti chofiira ndi chakuda pa chithunzi cha 1916 n'chimodzimodzi. Uyenera kudziwa kaye kuti munthuyo anali wa batalyoni iti, utoto ubwere pambuyo. Apa ndiye pamene ndimasiyana maganizo ndi anzanga ena amene amati wojambula azingotsata zimene diso likuona pa chithunzi.

Vuto lomweli limagwera nkhope, ndipo apa ndi pamene zimandiwawa. Khungu lathu lili ndi kufiira mkati mwake. Filimu imene siona zofiira inkadetsa nkhope kwambiri, makamaka ngati wojambulayo anayesa kuwala potengera zovala zoyera za mzungu woima pambali. Zotsatira zake, m'zithunzi zambiri zakale msilikali wachikuda amangooneka maso ndi mano, masaya ndi chipumi zitamira. Ukakopera momwemo ndiye kuti ukubwereza chilema cha kamera. Ine ndinayamba ndi burnt sienna (utoto wofiirira ngati katondo) wosungunuka kwambiri pankhope yonse, ndikusiya pepala loyera pa mphuno ndi pamwamba pa tsaya. Zitauma ndinabwereza m'malo a mthunzi, nditathiramo ultramarine (utoto wabuluu) pang'ono. Kachitatu ndinangogunda pansi pa chibwano, m'makona a maso ndi pansi pa mlomo. Utoto wakuda wa m'bokosi sindinaukhudze. Ngakhale chisoti chomwe ndinasakaniza ultramarine ndi burnt sienna mpaka kuda, chifukwa wakuda wogula umauma n'kuoneka wakufa.

Kudikira kuti ziume ndiye nkhani ya ku Mzuzu kuno. Mabuku ophunzitsa utoto wa madzi amalembedwa ngati pepala limauma ukangotembenuka. Olembawo abwere adzayese mu Julaye, nkhungu itakuta Kaning'ina, kamvula kowaza kakugwa kuyambira m'mawa. Pepala limakhala lozizira ndi lonyowa mpaka masana. Ukafulumira kuika utoto wachiwiri, woyamba umadzuka n'kusanduka matope. Ndazolowera kugwira pepala ndi kunsi kwa chala, osati kumaso: likamveka lozizira ndiye kuti silinaume, ngakhale likuoneka louma. Magetsi akakhalapo ndimabwereka chowumitsira tsitsi cha akazi anga. Akathima, ndimaimika bolodi patali ndi mbaula, osati pafupi, chifukwa kutentha kwa mbali imodzi kumapinda pepala. Komabe chinyezichi chili ndi ubwino wake. Thambo ndi mapiri akumbuyo zimatuluka zofewa, utoto ukuyenda wokha popanda mizere youma m'mphepete, zimene mnzanga wa ku Karonga amati kwawo n'zosatheka masana.

Kaki ndi wosavuta ukangosiya kumuona ngati mtundu umodzi: yellow ochre (utoto wachikasu), kadontho ka ultramarine, madzi ambiri. Nsalu zokulunga m'miyendo zinali zabuluu wakuda, ngati juzi imene ankavala nkhondo isanayambe, ndipo m'chithunzi zimaoneka zotuwa chifukwa cha filimu ija.

Kabudula ndiye anandivuta mwa njira ina. Pa chithunzi munthu waima chilili, ndipo nsalu yositidwa ndi sitachi imaoneka ngati bokosi. Sindinkamvetsa kuti imapindika pati bondo likasuntha. Anandithandiza ndi bambo ena achikulire oyandikana nafe, a ku Nkhata Bay, amene anavina malipenga unyamata wawo wonse. Ataona zojambula zanga anaseka nati, "Aphunzitsi, msilikali wanuyu kabudula wake wamuvala ngati wobwereka." Anaima pakhonde, chifuwa patsogolo, chibwano m'mwamba, n'kuponya mwendo pang'onopang'ono mmene amachitira pabwalo. Malipenga anatengera perete ya asilikali omwewa atabwerako ku nkhondo, mpaka maudindo ndi malipenga a zikho otsanzira bandi. Ndinawapempha kuti, "Bambo, taimani choncho pang'ono," ndipo ndinalemba mofulumira ndi pensulo ya 2B. Mizere ya tsiku limenelo ndi imene yaongola sajeni wanga. Kulemera kwa thupi kuli pa zidendene, mapewa abwerera m'mbuyo, ndipo kabudula amathyoka kamodzi kokha pamwamba pa ntchafu.

Manja ndikuwazengereza. Pa chithunzi dzanja logwira mfuti labisika mu mthunzi, ndipo Lee-Enfield ili ndi thabwa lofika mpaka pafupi ndi kamwa, moti zala zimagwira chinthu chonenepa kuposa mmene munthu angaganizire. Ndikuyeserera pa mapepala otsala, nditagwira mpini wa khasu kutsogolo kwa galasi.

Pepala lachiwiri ndi la amtengatenga, ndipo ndi limene ndikulikonda kuposa la sajeni, ngakhale lili pa pensulo pokha. Akatswiri a mbiri amati anthu a ku Nyasaland amene anasenza katundu wa nkhondo imeneyi anali pafupifupi 200,000, ochuluka kutalitali kuposa amene anagwira mfuti. Ambiri anatengedwa mokakamiza, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. M'zithunzi amakhala kumbuyo, mzere wautali wa timadontho tosenza mabokosi, kamera italoza kwa wina. Ine ndawakokera kutsogolo. Ndasankha anthu atatu mu mzerewo, ndawakulitsa, ndipo mkulu wa asilikali amene anali pakati pa chithunzi ndamusiya kunja. Yunifolomu palibe apa, ndi nsalu za m'chiuno ndi mabulangete, choncho mitundu ndisankha ndekha. Chimene ndikufuna chituluke ndi khosi: mmene limalowera m'mapewa katundu akalemera. Izi sindifuna buku, ndimaziona tsiku lililonse kwa amayi otsika ndi nkhuni.

Wina anandifunsa chifukwa chake sindijambula asilikali a masiku ano, poti Moyale Barracks ili pompano. Kumalo a asilikali sikopita ndi kamera kapena kabuku kolembamo, ndipo sindikufuna kukafotokoza za burnt sienna pa geti. Koma dzinalo lili m'ndandanda wanga wa zoti ndidzajambule. Likuchokera ku Moyale, pa malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a batalyoni yoyamba anamenyana ndi a Italy mu Julaye 1940. Zithunzi za nkhondo yachiwiriyo n'zosavutirapo: nkhope zimaoneka bwino, chisoti chasanduka chipewa chamlomo waukulu chopindidwa mbali imodzi, ndipo pofika ku Burma mu 1944 zovala n'zobiriwira.

Tisanafike kumeneko pali sitima. Pa 13 Ogasiti 1914, Guendolen, sitima ya a Britain ya pa nyanja ya Malawi, yoyendetsedwa ndi Captain Rhoades, inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, kumene lero ndi Liuli, tsidya la Tanzania. Nkhondo ya ku Karonga inatsatira pa 9 Seputembala. Ndikufuna kujambula Guendolen ili pamadzi, koma nyanja sinditengera pa chithunzi chakale. Ndidzatsika ku Nkhata Bay ndi bolodi kukaona mtundu wa madzi m'mawa.

Pepala lochindikala la 300 gsm landitsalira lochepa, ndipo m'masitolo a kuno ndimangopeza la ana asukulu limene limatupa likangolawa madzi. Ngati pali amene akuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg mwezi uno, ndiuzeni. Ndikufuna pepala lokhakhala pang'ono lotchedwa cold press, ndi burashi yozungulira ya nambala 8.